Geresomo Sadula, Amadulitsa

Ine ndi Geresomo tinakulira limodzi kwa Lundu, ndipo ndinene poyera kuti munthuyu sanatulukepo matuza m'manja. Tili ana, mbuzi za kwawo tinkaweta ndife, iye ali khale pansi pa mtengo akudya masau.

Titakula, tonse tinalowa ntchito yodula nzimbe ku esiteti. Katswiri ndinali ine. Mzere wanga ndinkamaliza dzuwa lisanafike paliwombo, thupi lonse lili bii ndi mwaye wa nzimbe zootcha. Geresomo ankatsalira m'mbuyo tsiku lililonse. Zake zinali kuyambitsa nyimbo, kunolera anzake zikwanje ndi kufunsa za mwana wa mnzake amene akudwala. Pomaliza anthu ankamudulira mzere wake, akuseka.

Kapitawo wathu atapuma pantchito, aliyense ankati udindowo ndi wanga. Mkazi wanga Imelda anali atalengeza kale kuchigayo kuti ndisiya chikwanje msana usanatheretu. Manejala anatiitana awirife n'kutifunsa m'Chingerezi kuti gulu likamachedwa tingatani. Ine ndinati ndingadule mwachangu kuti enawo achite manyazi. Geresomo, ndi Chingerezi chake chotola m'njira, anangoti, "I make them cut." Ndiye kuti iye sadula ayi, amadulitsa ena. Manejala anamwetulira, basi udindo wapita kwa Geresomo.

Nsanje inandigwira, sindibisa. Ndikamuona pa njinga yamoto, malaya oyera mbee pakati pa phulusa, mtima unkachita kuwira. Ndinalumbira kwa Imelda kuti onse angawadulitse, koma ine ayi. Ndinaganiza zoyamba kugwira ntchito mwaulesi kuti gulu lake litsalire, mabwana adziwe kuti anasankha pakamwa n'kusiya manja.

M'mawa mwake ndinayamba kudula ngati wodwala malungo. Geresomo anabwera, osakalipa, n'kuima pafupi nane.

"Shamwali," anatero motsitsa mawu, "anyamata atsopanowa akuti mbiri yako ija ndi yakale, wakalamba. Ine ndawauza kuti angoyang'ana."

Ndinadziwa kuti ndi msampha. Ndinadziwa ndithu! Koma anyamatawo analidi kundiyang'ana, wina akuseka. Chikwanje chinayamba kulira chokha, nzimbe zikugwa ngati mapesi, gulu lonse likuthamangira kuti lindipeze.

Nditaweramuka, thukuta lili kamukamu, ndinapeza kuti ndamaliza woyamba, ndipo gulu la Geresomo laposa magulu onse tsiku limenelo. Iye anali kale kumapeto kwa munda, akunong'oneza wina.