Dzina Limene Ndinafufuta

Pulogalamu yathu yolandirira maoda a nsomba za ku Chanyanya tinaimanga pa khodi yaulere ya pa intaneti. Eni ake anangopempha chinthu chimodzi, chakuti mayina awo asachotsedwe. Zomwe tinawonjezera zinali zathu, choncho pansi pa mayinawo tinalembapo langa ndi la Mutinta, chibwenzi changa.

Atandisiya, ndinafufuta dzina lake. Kwa masiku awiri ndinadziona ngati mwamuna.

Tinakumana pokwerera minibasi ku Kafue Estates. Laisensi ya khodi ija, momwe munali pempho la eni ake, ndinali nditaiwerenga katatu, kukonzekera mkangano.

"Naona mu faelo," anatero modekha. "Banthu bamene sunabaonepo wabasiya. Ine wamene ninalemba hafu, wanichosa."

"Ni kompyuta inalakwisa," ndinayankha, maso ali pansi.

Anangondiyang'ana mwachisoni, n'kukwera basi. Kompyutayo anandiphunzitsa ndi iyeyo.