Mikanda ya M'phulusa ya Bambo Arcanjo

Bambo Arcanjo Chakondwa, amene tinawaika m'manda pa Lifidzi m'chisanu cha chaka chino, anabadwira ku Domwe m'banja la osula makasu. Kushikola anangopitako kukaona kumene chitseko chinaloza, n'kubwerera kuchipala cha bambo awo kukapopa mvukuto. Anabatizidwa ali wachinyamata, ndipo chiyambire sanajombe ku Misa. Kuimba kokha ndiye ayi. A kwaya anawapempha mwaulemu kuti azitamanda Mulungu ndi manja.

Anamutamandadi ndi manja. Pofunsira mbeta Elisa Nangozo wa pa Lifidzi, analibe chikole chomupatsa, choncho analonjeza kuti, "Ndidzakupangirani kolona wa galasi ndi manja angawa."

Anatola magalafa, mabotolo osweka a vinyo, kuseri kwa nyumba ya apadiri, nawasungunula pamakala. Galasi lofewalo ankalikulunga pa sipoko ya njinga yopaka dothi, dontho limodzi mkanda umodzi. Koma wosula ndi wosula basi. Khasu likafiira amaliviika m'madzi, ndiye mikandanso anaiviika. Inasanduka mchenga. Kachiwiri anaiyala pamwala kuti izizire ndi mphepo ya m'phiri. Imeneyi inaoneka bwino, yobiriwira ngati masamba a nyemba, ndipo anaitunga mosangalala.

Tsiku la ukwati, apadiri ali pakati podalitsa, kunamveka thu! Mkanda unasweka wokha m'manja mwa mkwatibwi. Posakhalitsa winanso thu! Amayi a kumbuyo anayamba kunong'onezana za malodza. Mwezi usanathe, Elisa anatsala ndi chingwe ndi mtanda.

"Musavutike, bambo," anatero. "Ndiziwerenga zala. Zilipo khumi, ndipo sizisweka."

A Arcanjo anabwerera kuchipala. Zaka ziwiri anakhala akuyesa, mikanda ikusweka, anthu akuseka. Tsiku lina mkanda unagwera m'phulusa lotentha m'mbali mwa chipala, iwo n'kuuiwala. Ataupeza m'mawa mwake anauponya pamwala, unangodumpha. Anauponyanso, unadumphanso. Kuchokera pamenepo ankadzaza mphika ndi phulusa lamoto, kuukwirira m'makala, ndipo mkanda uliwonse ukangochoka pamoto unkalowa m'menemo. Akavundikira, panalibe wokhudza mpaka mphikawo utazizira wokha, ngakhale patapita masiku awiri.

Anthu akawafunsa, ankayankha kuti, "Galasi ukalifulumiza, khungu limauma m'kati mukadali mofewa. Kunja kukoka uku, m'kati kukoka uko. Pamaso limaoneka lamtendere, koma lakungika ngati ng'oma, likungodikira tsiku. Lisiye m'phulusa, limasuke pang'onopang'ono, likhazikike."

Mukuganiza kuti apa mayi Elisa analandira kolona wawo? Dikirani. Woyamba wolimba anapita kwa katekisita amene anali gone pamphasa. Wachiwiri kwa mayi wamasiye wa ku Fonte Boa amene anayenda pansi kudzapempha. Kenako ana olandira Ukaristia woyamba, chaka ndi chaka. Sanakanepo munthu.

Akamaliza kutunga wina, mayi Elisa ankafunsa, "Ameneyu ndi wa yani?"

"Wanu, Nangozo."

"Eya, wanga mpaka wina aodire pakhomo."

Ndipo wina ankaodiradi.

Nkhondo itafika anawoloka malire n'kuthawira ku Dedza. Anzawo anasenza chimanga ndi nkhuku, iwo anasenza mvukuto. Kumeneko ankasungunula timabotolo ta mankhwala, n'kumapanga makolona ogawira othawa anzawo. Anaika ana awiri m'dothi lachilendo, natsala ndi mwana mmodzi, Emilia. Palibe amene anawamva akudandaula. Atabwerera anapeza nyumba ili phulusa. Analiyang'ana, n'kunena kuti ndi phulusa labwino, losefeka. Anamanganso, analimanso mbatatesi ndi nyemba, ndipo Loweruka lililonse ankakonza makasu a kumunda wa mpingo.

Zaka makumi asanu ndi chimodzi zinatha mayi Elisa akuwerengabe zala.

Chaka chino maso anayamba kuchita nkhungu, chifuwa chikulira ngati mvukuto wobooka. Iwo anadziwa. M'mawa wina anatulutsa galafa lamtundu wa thambo limene anabisa kudenga kalekale, naitana Emilia, amene tsopano ndi mayi wa ana akuluakulu, kuti awapopere moto. Anatseka mpanda ndi mtengo kuti wopempha asalowe. Dzuwa likamapendeka, mikanda makumi asanu ndi isanu ndi inayi, ya kolona wathunthu, inali m'phulusa. Anavundikira mphika okha.

Kutacha analephera kudzuka. Apadiri anabwera kudzawadzoza mafuta. Masana mpweya unayamba kuchepa, ndipo maso awo ankangoloza kukhomo, kumene kunali chipala. Ankafunitsitsa kuiona mikandayo ili m'manja mwa mwini wake. Emilia anazindikira, anathamanga kukakhudza mphika.

"Ababa, ndivundukule muione."

"Wazizira?"

"Ukadali wofunda pang'ono pansi."

"Usiye."

Mayi Elisa anaomba m'manja. "Inu munthu wouma mutu ngati mwala wosulira! Vundukulani muone ntchito yanu. Ukasweka umodzi kapena iwiri, ndafa nazo?"

"Munawerenga zala kokwana, Nangozo," anayankha motsitsa. "Ameneyu asakuswekereni."

Anamwalira ng'ombe zikubwera kudambo, akazi awo ali pambali akupemphera Tikuoneni Maria, chala ndi chala. Mikandayo sanaione.

Maliro atatha, mayi Elisa anapita okha kuchipala, anavundukula mphika, napeta phulusa palichero. Anawerenga kawiri, naitana Emilia kuti awerenge kachitatu. Yonse inalipo, yopanda ndi mng'alu womwe.

Makolona a bambo Arcanjo ali m'nyumba zambiri kuyambira Domwe mpaka Fonte Boa, ena akutungidwa pachingwe chachinayi, mikanda ikadali yomweyo. Chimene atisiyira n'chachidule: analonjeza, anachedwa, koma sanavundukule mphika usanazizire. Ambuye amene anawatumikira ndi manja awapumitse mu mtendere wawo.

Lamulungu lathali mayi Elisa analowa m'tchalitchi kolona wa mtundu wa thambo ali m'manja. Potuluka, mayi wina anawayandikira mwaulemu, nati wake anatayika, mwina angabwerekeko sabata imodzi yokha.

"Muli ndi zala zingati, mayi?" anafunsa mayi Elisa.

"Khumi."

"Zikukwanani."