Tsiku limene tinasiya kondakitala ku Bellville

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anafa, palibe amene anathyoka mwendo, ndipo basiyo inabwerera kushedi yosakandika ngakhale pang'ono. Ndikunena izi chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa ku Dunoon, komwe timakhala, masiku ano anthu amaithira mchere wambiri, mpaka ena amati ndinalanda chiwongolero. Bodza limenelo. Ine ndinangokoka chingwe.

Ababa amayendetsa folokolifiti pa weyahausi ina ku Montague Gardens. Kuseri kwake kuli shedi yaikulu ya malata momwe gulu la madala limakonzera mabasi akalekale. Salipidwa, amangowakonda mabasiwo. Ambiri ndi azungu ndi makaladi amene kale anali madalaivala ndi amakaniko, ndipo Loweruka lililonse amasonkhana ndi mafulasiki awo a tiyi n'kumakangana za mabawuti. Asanabwere ku Joni, ababa anali kondakitala pa msewu wa Liwonde ndi Mangochi. Tsiku lina anamva injini ikutsokomola kuseri kwa mpanda, anakasuzumira, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lawo linakhala la madala aja.

Ine ankanditenga ngati chilango. Ndinali nditamangirira pamodzi zingwe za nsapato zonse zimene zinali pakhomo la madrasa, ndiye amayi anati mtsikana ameneyu asamatsale yekha panyumba, angatiotchere. Amayi amaluka tsitsi pa saluni ina pafupi ndi renki ya mataxi ya ku Bellville, ndipo kumeneko anali atandithamangitsa kale pa mlandu wina wokhudza guluu.

Basi imene madala ankaukitsa nthawi imeneyo inali yosanja, yobiriwira, yokwerera kumbuyo pa kakhonde kopanda chitseko. Anaipeza pa famu, nkhuku zikuikiramo mazira. Ntchito imene aliyense ankaithawa, yopala dzimbiri kunsi kwake, anaitenga ndi ababa. Ankatuluka m'menemo ali ofiira ngati agwa m'chulu, dzimbiri m'ndevu, dzimbiri m'makutu, akumwetulira. Gululo lili ndi mwambo wake: basi ikadzuka, pa ulendo wake woyamba dalaivala ndi kondakitala amasankhidwa mwa amene anaivutikira kwambiri. Aliyense ankadziwa kuti khonde lakumbuyo ndi la ababa. Iwonso ankadziwa. Anamanga chingwe choyanikira zovala m'nyumba, kuchokera pakhomo mpaka pawindo, n'kumayeserera. Amayi akamadutsa ndi ketulo ankawafunsa tikiti.

Ndiye panali bambo wina amene ine ndinkamutcha Bwana Chipewa. Munthu wa kwathu komwe, wa ku Machinga, koma anabwera kuno kalekale, ali ndi chitupa cha dziko lino ndi timagalimoto take tonyamula katundu. Kushedi ankayendayenda ndi kansanza m'manja, ndipo kansanzako sindinakaonepo kada. Ababa akamulonjera kuti muli bwanji, iye ankayang'ana kaye ngati madala ali pafupi, n'kuyankha m'Chingerezi.

Tsiku losankha, tonse titakhala pa matayala ndi makapu athu, Bwana Chipewa anakweza dzanja. Analankhula modekha, ngati munthu wachifundo. Anati wamva kuti pa ulendowo padzabwera wojambula wa nyuzipepala, ndiye akudera nkhawa m'bale wakeyu, poti nkhope yake idzaoneka paliponse pomwe mapepala ake sanalongosoke. Pemiti ya ababa inali itapita kukawonjezeredwa, ndipo ankayenda ndi risiti yokha. Palibe mlandu pamenepo. Koma mawu akuti mapepala, akanenedwa pagulu kuno, amazizira ngati madzi a m'firiji. Madala anayang'ana m'makapu mwawo.

Ababa anaseka pang'ono. Anati palibe vuto, iwo adzakhala pampando, miyendo yawonso yakalamba. Ndipo poti panafunika munthu wina, Bwana Chipewa anadzipereka.

Titafika kunyumba, ababa anamasula chingwe chija, kuchikulunga, kuchiika pansi pa bedi. Amayi anamva nkhaniyo kwa ine.

"Munthu uja? Amene ankagona pakhonde la achimwene anga atangofika kuno?"

"Zisiyeni, mayi a mwana," anatero ababa. "Ndi basi chabe."

"Basi chabe? Nanga zovala zadzimbiri zija ankachapa ndani?"

Ine sindinanene kanthu. Amayi amati ndikakhala chete ndiye kuti penapake pali nyumba ya munthu imene ikufuka utsi.

Ndinayamba kumvetsera bwino kushedi. Woyendetsa basi anali mdala wina wamkulu kuposa onse, amene aliyense, ngakhale anzake a imvi, amamutcha Oupa, kutanthauza agogo. Oupa ankandikonda chifukwa ndinkamusungira masikono. Anandikweza m'kachipinda ka dalaivala, kamene kali kokhakokha kutsogolo, pambali pa injini, kotsekedwa ndi galasi. Anandiuza kuti injini ikalira mmenemo sumva munthu ngakhale akuwe bwanji. Kalilole wake wam'mbali ndi wamng'ono ngati sosala ya kapu, ndipo madala anakana kuika wamkulu chifukwa basiyo sinabadwe naye. Ndiye dalaivala amadziwa bwanji zakumbuyo? Oupa analoza chingwe chachikopa chimene chimayenda kudenga kuchokera pamasitepe mpaka ku belu la pamutu pake. Likalira kamodzi, waima. Likalira kawiri, wanyamuka. Safunsa, satembenuka. Anati pa moyo wake wonse belu silinamunamizepo.

Ndinamupatsa sikono yachiwiri.

Madala amenewa amafuna zonse zikhale monga zinalili kale. Pa ulendo, dalaivala ndi kondakitala amavala yunifolomu yakale, ndipo mafoni ndi zikwama zawo zimatsekeredwa m'chitini cha mabisiketi pansi pa mpando wa Oupa, kuti pa zithunzi pasaoneke chinthu cha masiku ano. Kondakitala amangotsala ndi kachikwama kachikopa ka matikiti akale ndi makobidi amene anasiya kugwira ntchito ine ndisanabadwe. Ulendo unali woti tichoke kushedi, tikatenge mabanja a madala ena ku Bellville, kenako ulendo wa ku Hout Bay kukadya nsomba ndi tchipisi padoko. Poimapo ku Bellville panali pafupi ndi saluni ya amayi.

Ndinapita kusaluni Lachisanu ndikuweruka kusukulu. Kwa amayi sindinanene kanthu. Ndinapita kwa anti awiri amene amaluka nawo, aja okonda kujambulitsa.

"Anti, mawa kubwera basi ya makedzana. Kondakitala wake ndi wakwathu, yunifolomu yake ngati wa mufilimu."

"Ndi wokwatira?"

"Mukamufunse nokha. Koma mukamujambulire patali, pafupi ndi sitolo ya Msomali paja, kuti basi yonse ikwane."

Loweruka linacha bwino, kopanda mphepo ija ya kuno yogwetsa malata. Basi inali kung'anima. Bwana Chipewa anali ndi chipewa chenicheni tsopano, cha kapu yolimba, jekete ya mabatani amkuwa, ndipo ankabowola matikiti atakweza chigongono. Anafika pa ababa, amene anakhala pa mpando wautali wapafupi ndi khonde atavala mzuli wawo woyera wa ku Juma, mapemphero a Lachisanu.

"Ticket, please."

Ababa anapereka tikiti yawo ndi manja awiri. Ine ndinayang'ana chingwe chakudenga chija.

Ku Bellville anthu anakwera, ndipo onse anathamangira pamwamba, chifukwa palibe amene amakwera basi yosanja kuti akhale pansi. Wojambula wa nyuzipepala nayenso anali pamwamba, kutsogolo. Pansi panatsala ababa ndi agogo awiri achizungu amene anakhala kutsogolo akuyang'ana msana wa Oupa. Ine ndinakhala pamasitepe.

Anti aja anafika atadzola milomo.

"Abwana, timvereni chisoni, chithunzi chimodzi chokha."

Bwana Chipewa anayang'ana wotchi imene analibe, anakonza chipewa, n'kutsika. Anti anamukoka mkono. "Apa basi sikukwana. Tiyeni uko. Pang'ono. Pang'ononso." Ndinadikira mpaka ataima pakhomo la sitolo ya Msomali, dzanja limodzi m'chiuno, lina litagwira kachikwama ka matikiti.

Ndinaimirira, ndinatambasula mkono, ndinakoka kawiri.

Oupa sanafunse. Basi inabuula, inagwedezeka, n'kulowa mumsewu pakati pa mataxi ngati ng'ombe yolowa m'khola la mbuzi. Bwana Chipewa anatembenuka akumwetulirabe chifukwa cha kamera. Kenako anayamba kuthamanga. Sindidzaiwala: jekete yothina, makobidi akulira m'kachikwama, dzanja limodzi pa chipewa, ndi anyamata a pa renki akumuombera m'manja ndi kumuimbira mluzu. Ankakuwa, ndipo sankakuwa m'Chingerezi.

Ababa anaona zonse. Anadumpha, dzanja lawo linafika pa chingwe. Kukoka kamodzi kokha basi ikanaima. Anandiyang'ana.

"Watani iwe?"

"Belu lalira, ababa."

"Lalira lokha?"

"Basiyi ndi yakale."

Anagwirabe chingwecho. Ndinkaona mitsempha ya dzanja lawo, ndi zikhadabo zija zimene dzimbiri linakana kuchokamo. Anayang'ana kumbuyo. Bwana Chipewa anali ataima tsopano pakati pa msewu, atagwira mawondo, taxi ikumuimbira hutala. Ababa anayang'ana kutsogolo. Tinadutsa maloboti ali obiriwira.

"Pano sipoima basi," anatero pomaliza, motsitsa mawu, ngati akuuza chingwecho. "Tingagundidwe kumbuyo."

Anachisiya. Ndiye poti khonde lopanda chitseko silingakhale lopanda munthu m'basi muli ana, anaimirira pamenepo, anagwira chitsulo, miyendo atatangadza monga ankachitira kunyumba. Patapita kanthawi mwana wina anatsika masitepe akufuna kuchimbudzi. Ababa anadikira malo abwino, anakoka kamodzi, anamutsitsa ndi amayi ake pa filing'i siteshoni, anawakweza, anakoka kawiri. Oupa sanadziwe n'komwe kuti dzanja lasintha. Pokwera chitunda cholowera ku Hout Bay basi inkayenda ngati nkhono, magalimoto atandandana kumbuyo, anthu akutijambula, ndipo ababa ankawabayibitsa. Ndinawamva akung'ung'udza mayina a masiteji akwathu, Ulongwe, Mpale, pansipansi.

Zinaululika padoko, mkulu wa gulu atafuna kondakitala kuti ajambulidwe ndi Oupa. Anatsegula chitini cha mabisiketi n'kupeza foni ya Oupa ili ndi mamisidikolo ambirimbiri a nambala yachilendo. Inali nambala ya amayi, amene ankaimba kuti amuuze Oupa kuti wasiya kondakitala.

Zimene zinachitika ku Bellville ndinazimva madzulo. Bwana Chipewa analibe foni, analibe khadi, ndipo woyendetsa taxi ataona makobidi aja anamufunsa ngati wathawa ku myuziyamu. Anti aja anamutengera kusaluni. Amayi anamupatsa mpando pakati pa azimayi olukitsa, ndi kapu ya madzi, ndipo anamufunsa mwaulemu wonse za achibale ake mmodzimmodzi, kuyambira amalume ake a ku Ntaja. Anayankha onse m'Chichewa chosalala bwino. Nambala ya mkazi wake sankaidziwa pamtima. Anakhala mmenemo mpaka dzuwa kupendeka, chipewa chili pamwendo, akuwagwirizira mesh, tsitsi lolukira lija.

Padoko paja madala anachita bwalo pomwepo, tchipisi zili m'manja. Sindinabise. Atafunsa amene anakhudza chingwe ndinakweza dzanja, chifukwa ntchito yabwino siyenera kupatsidwa kwa wina. Mkulu wa gulu anafiira. Anati wokwera sakhudza belu, ndipo ine ndisadzapondenso mushedi kapena m'basi yawo iliyonse ndikatsika lero. Ndinati chabwino. Wina anati nanga bambo ake, amene anaona koma osaimitsa basi? Zimenezo ndiye sindinaziganizire. Ababa anangoima, manja kumbuyo, osadziteteza.

Oupa anapukuta mafuta pakamwa. Anati iye ali ndi funso limodzi: kodi kondakitala ankafuna chiyani pakhomo la sitolo, anthu ali m'basi, injini ikulira? Anati m'masiku ake wosiya khonde ankabweza chipewa tsiku lomwelo. Ndipo anati iye sayendetsa basi kutsika chitunda chija popanda munthu kumbuyo, ndiye asankhe msanga, nsomba yake ikuzizira.

Wojambula anafunsa ngati angajambule kondakitala. Madala onse anayang'ana ababa, ndipo ndinaona kuti mawu aja a mapepala akadali m'mitu mwawo. Ababa anakonza mzuli, anakwera pakhonde, anagwira chingwe, n'kuyang'ana kamera mwachindunji.

Pobwerera anandikhazika pa mpando wautali uja, pomwe ankatha kundiona, ndipo anandilamula kuti ndikhalire manja anga. Ndinawakhalira mpaka ku Montague Gardens. Anachita dzanzi, koma ndinali ndi malo abwino kuposa onse oonera.

Kunyumba anandikalipira monga bambo ayenera kuchitira. Anati ndachititsa manyazi banja, munthu akanagundidwa, ndipo Mulungu amaona. Anandilanda foni. Amayi ankavomereza ndi mutu, koma atatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Bwana Chipewa anabweza jekete ndi kachikwama kudzera mwa dalaivala wake, koma chipewa anakana nacho, akuti chinatayika. Kushedi sanabwererenso. Ababa amayendetsa khonde ndi mzuli wawo mpaka lero. Ine Loweruka ndimakhala kunja kwa mpanda, pa mulu wa mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, ndipo Oupa amandipatsira tiyi pa waya.