Timanati ta Mkuwa

Fungo la parafini wosakanikirana ndi gilisi wakale likandipeza, ngakhale ndili pakati pa msika, ndimayamba ndaima kaye. Limanditengera kuseri kwa nyumba yathu, kumudzi kwa amayi kufupi ndi Mvera, m'miyezi yozizira ya chaka chimene atate ankaluka gudumu la njinga yawo. Ndinali nditangoyamba sukulu, mano akutsogolo atachoka, miyendo ili mbuu ndi mphepo ya mwera. Chimanga chinali chitalowa kale m'nkhokwe. M'mawa mapiri a ku Ntchisi, kwawo kwa atate, ankabisala mu nkhungu mpaka dzuwa litakwera.

Atate anali mkamwini pamudzipo, ndipo ukwati wawo ndi amayi unali utatha. Ankhoswe anali atakambirana n'kugwirizana kuti akamaliza kukolola abwerere kwawo, ine nditsale ndi amayi monga mwa mwambo wathu. Zimenezi ndinazidziwa nditakula, panthawiyo palibe anandiuza. Atate anangopempha chinthu chimodzi, kuti awalole akonze kaye njinga. Gudumu lakumbuyo linali litapindika pamtsetse atanyamula belo la fodya, ndipo munthu wamkulu sangachoke pamudzi atasenza njinga pamutu. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene mawu awo ndiwo ankamveka pabanja pathu, anavomera.

Chimene ine ndinkadziwa ndi lonjezo basi. "Likatha gudumuli, Nambewe, ndidzakukweza pakaliyala mpaka kudambo." Ankandiitana ndi chiwongo chawo, osati dzina langa. Ndinali ndisanakwerepo njinga, choncho mungathe kuona mmene mtima wanga unkachitira.

Njingayo anaigadabuza chishalo pansi, pafupi ndi mulu wa mapesi. Limu ina anaipeza, masipoko anawapeza. Chotsala chinali timanati tija timagwira sipoko ku limu, tating'ono ngati nyemba zofwapa. Munthu akamatipotokola ndi kasipanala, sipoko imakungika, gudumu n'kumawongoka pang'onopang'ono. Tambiri takale tinali titaphwanyika pangozi ija. Totsalato atate ankatinyika mu parafini m'mbale yakale yosendeka utoto, n'kumatitsuka limodzilimodzi ndi kansanza.

Tsiku lina atsibweni anapisa khadi la chipani m'thumba la malaya, chifukwa popanda ilo sunkalowa mumsika, n'kupita. Anabwerako madzulo ndi kaphukusi kamene anagula kwa munthu wina wochokera ku Joni. Munali timanati tatsopano, toyera mbee, topepuka ngati gaga. Ine ndinavina. Atsibweni anakaponya pamphasa pamaso pa atate.

"Alamu, nati. Mawa lomwe mutha kumaliza."

Atate anawomba m'manja kuthokoza, anatola kamodzi, n'kukaponyaponya m'dzanja. "Zikomo, alamu. Koma ta aluminiyamu iti sitilimba kuno kumapiri. Mame ndi matope zikatilowa timatuluka ufa woyera n'kumamatira ku sipoko. Ukati upotokole timangong'ambika, ndiye gudumu likakhota ulibe powongolera. Ine ndikufuna ta mkuwa."

Atsibweni anatsonya n'kuchokapo. Atate anakulunga kaphukusi kaja n'kukasomeka mu udzu wa denga la khonde. Ine ndinakwiya nawo ndithu. Tinthu tokongola chotero, eti kutikana chifukwa cha ufa umene palibe anali atauona!

Anandiphunzitsa kusiyanitsa. Kunja tonse timaoneka toyera, koma ukakwecha pamwala, ka mkuwa kamaonetsa chikasu mkati, pomwe ka aluminiyamu kamangokhala koyera mpaka mkati. Ndiye kusaka kunayamba, koma abale, kusaka kwake! Atate ankapita kwa wokonza njinga wa pansi pa mkuyu kumsika, n'kubwerako ndi kamodzi. Sabata ina osapeza kanthu. Akapeza, ankakatsuka tsiku lonse, kukadzoza gilisi, kukalowetsa, kenako n'kukatulutsanso ati sikanakhale bwino.

Masiku ankapita choncho. Anafoleranso nkhokwe ya amayi popanda wowapempha. Anandisemera kampando ka mtengo wa mbawa koti ndizipita nako kusukulu. Chakudya chawo amayi ankandituma ine kukapereka kuseri, ndipo iwo awiri sankalankhulana kupitirira moni. Masana amayi akapita kokayeserera nyimbo ndi amayi anzawo a chipani, ng'oma zikumveka patali, ine ndi atate tinkawotcha mbatata paphulusa la mapesi. Ankandisendera yanga, n'kuiuzira, kenako ankafunditsa zala zanga zozizira m'manja mwawo monunkha parafini. Gudumu linali pomwepo, mbali ina yolukidwa, mbali ina masipoko ali lendelende. Mphepo ikawomba ankagundana n'kumalira ngeee. Ndimawasowa masana amenewo kuposa china chilichonse cha ubwana wanga.

Koma mwana salola kudikira. Ndinaganiza zowathandiza. Kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi athu kunali khola la nkhuku limene chitseko chake chinali gudumu lakale la njinga, la dzimbiri lokhalokha. Ndinaliyang'ana masiku angapo, kenako ndinalimba mtima n'kukagwada kwa akazi awo a aphunzitsi. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Anati ndilitenge, bola ndiwalukire chitseko china cha mapesi kuti afisi ndi avumbwe asawathere nkhuku. Ndinaluka, chokhotakhota, koma analandira.

Ndinakhala kuseri kwa tchalitchi ndi mwala, kuthyola masipoko owolawo. Dzimbiri linandidetsa diresi la sukulu, chala china chinachekeka, ine osamva. Ndinakwecha kanati koyamba pamwala wa maziko. Chikasu! Kachiwiri, chikasu. Ndinatimanga tonse pakansalu n'kuthamanga chitunda chonse osapuma, ndikufuula ndisanafike n'komwe pabwalo.

"Atate! Atate! Ndatipeza ta mkuwa! Tokwanira!"

Anali atakhala pafupi ndi njinga, akuwothera dzuwa. Anamasula kansalu kaja pang'onopang'ono. Kenako anakokera mwala pafupi n'kuyamba kukwecha limodzilimodzi, ngakhale ndinawauza kuti ndayesa kale. Kalikonse ankakayang'anitsitsa, kukatembenuza, kukakwechanso. Tonse tinali tachikasu. Anandigwira pamutu, dzanja lawo likulemera.

"Wachita bwino, Nambewe."

Mawa lake gudumu linatha dzuwa lisanapendeke. Analizunguza, atagwira kamtengo pafupi ndi limu, ndipo silinakhudze paliponse. Anapinda thumba n'kuliyala pakaliyala, anandinyamula m'khwapa n'kundikhazika. Tinatsika njira ya kudambo mphepo ikundilowa pamene panachoka mano, ine ndikukuwa ndi chisangalalo, nditakumbatira malaya awo. Masipoko atsopano ankalira ting'i, ting'i pansi panga. Atate anati ndi mmene amachitira akamakhazikika. Titafika kudambo anatembenuka n'kukankha njinga kukwera, ine ndili pomwepo, kenako tinatsikanso. Tinachita zimenezi mpaka ng'ombe zitayamba kubwerera kumakola. Ine ndinkati akundikonda chifukwa ndagwira ntchito.

M'mawa mwake pakaliyala pomwe ndinakhala ine panali bulangete, kabokosi ka masipanala ndi nkhwangwa. Amayi sanatuluke m'nyumba. Atsibweni anaima patali, manja kumbuyo. Ndinafunsa ngati tikupitanso kudambo. Atate anagwada, anandikonza kolala ya diresi, n'kunena kuti ndisamajombe kusukulu. Ndinawayang'ana akukankha njinga pachitunda cholowera ku Ntchisi mpaka nkhungu inawameza. Chaka chotsatira anabwera kudzandiona, chinacho anatumiza uthenga, kenako njira inatalika.

Kaphukusi ka atsibweni kaja ndinadzakapeza ndili mtsikana wamkulu, pamene tinkasasula denga. Timanati tonse tinali momwemo. Ndi timeneto atate akanamaliza gudumu mawa lake kaphukusiko katangobwera, ndipo nyengo yonse ya mbatata ija sikanakhalapo. Ndili mwana ndinkati atate anali munthu wa makani pa zitsulo, wokonda mkuwa kuposa kukweza mwana wake. Lero ndikudziwa chifukwa chimene ankakwechera tanga tija mobwerezabwereza. Ankafuna apezepo koyera, ngakhale kamodzi.

Pa za mkuwa sananame. Mwana wanga amakonza njinga, ndipo naye amanena zomwezo, kuti ta mkuwa timapotokoka ngakhale patapita zaka. Gudumu lija linali lolimba, linawafikitsa kwawo popanda vuto. Koma ine mpaka lero ndimalakalaka akanaluka ndi toyera tija, mwina likanawakhotera pachitunda choyamba, n'kubwerera akukankha.