Benchi ya Pansi pa Zenera la Mayi Wiesmann

Mayi Hannelore Wiesmann anagulitsa soseji m'butchala mpaka miyendo inakana. Amakhala m'nyumba zosanja za kuseri kwa mgodi wa malasha womwe unatsekedwa kalekale, pamwamba penipeni pa sitolo ya buledi. Amuna awo anapita ndi chifuwa cha mumgodi. Anatsala ndi mwana mmodzi, Jörn, bambo wamtali ngati mzati wa magetsi, wolankhula ngati mawu amagula.

Jörn anayamba chamba ali kusekondale. Anzake amene ankasuta naye lero ndi maloya, wina amazula anthu mano. Iye chinamukwera kumutu, mpaka ankamva wailesi ikumutchula dzina. Anagonekedwa kawiri kuchipatala cha odwala maganizo, ndipo ulendo wachiwiriwo dokotala sanapsatire mawu: akadzasutanso ameneyu, mwina sadzabwereranso. Jörn anasiyadi. Moyo wake unachepa n'kukwana pa benchi imodzi ya pansi pa mtengo, moyang'anizana ndi zenera la mayi ake. Ankakhala pamenepo kuponyera nkhunda nyenyeswa, zomwenso n'zoletsedwa, koma nkhunda sizinena munthu.

Kenaka boma la Jeremani linalola chamba, n'kuikapo malire: osasuta pafupi ndi sukulu, osasuta pafupi ndi posewerera ana. Tsono anthu a kuno, ngakhale wosuta chamba amafuna asute motsata lamulo. Anabwera anyamata ndi atsikana, wina atanyamula tepi yoyezera ya bambo ake. Anayeza kuchokera kusukulu, anayeza kuchokera ku makatungwe a kupaki, n'kupeza kuti m'dera lonselo malo oyera ndi benchi ya Jörn.

Jörn anawasiyira, n'kumaima patali ndi kathumba kake ka nyenyeswa, mphuno ikugwira ntchito.

Mayi Wiesmann anatsegula zenera.

"Ana inu, utsi wanuwo ukulowa m'mbatata zanga!"

"Pepani agogo," anayankha mtsikana wa ndolo pamphuno, dzina lake Svenja, mwaulemu wonse. "Koma pano m'pololedwa. Tinayeza."

"Munayeza! Mphepoyo munaiyezanso?"

"Mphepo si yathu, agogo, ndi ya boma."

Anaseka onse. Mayi Wiesmann anaona kuti Jörn nayenso wamwetulira.

Mayi aja si opusa. Anagula matumba a mchenga, kandowa kofiira ndi kafosholo, n'kukhuthula zonse pambali pa benchi, matabwa anayi kuzungulira. Anabzalapo ndi kabakha kapulasitiki. M'nyumba zonsezo mwana wamng'ono munalibe, womaliza anakula n'kupita ku Hamburg, koma osuta aja atafika anaima, kuyang'ana kabakha, kuyang'anana.

"Amangwetu, apa ndi posewerera ana."

Anachoka! Chilimwe chimenecho Jörn anabwerera pa benchi yake, ndipo mayi ake anayambanso kugona tulo.

Amene anawononga ndi Bambo Rademacher a chipinda chapamwamba, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Pa anthu onse odana ndi chamba m'tauni muno, iwo ndiye mkulu wa mpingo. Koma mchenga uja unkawasowetsa mtendere. Anakanena kukhonsolo.

"Bambo Rademacher, mwatani?" anawafunsa Mayi Wiesmann pamasitepe. "Si inu mumati osutawa akamangidwe?"

"Akamangidwe ndithu. Koma mchenga wanu ulibe chilolezo, mayi. Mwana atavulalapo, wolakwa ndani?"

"Mwana wake uti?"

"Ameneyo sindikumudziwa. Koma atavulala?"

Mchenga unatengedwa pa lole, ndi kabakha komwe. Tsiku lomwelo utsi unabwerera.

Madandaulo atachuluka, anaitanitsa msonkhano m'holo ya tchalitchi, wa khofi ndi keke. Kumeneko ndiye kunali maganizo, mwati anthu alibe maganizo? Wina anati asute m'nyumba zawo. Wapamwamba pake anati ayi, utsi umabwera kwa ine, asute panja. Wogulitsa buledi anati asawavute, chiyambire sanagulitsepo mabanzi ambiri chonchi. Mphunzitsi wina anati nanga mowa bwanji, n'kuyamba kuwerenga za mowa mpaka khofi anazizira. Svenja anaimirira n'kunena kuti iwo atsata lamulo kuposa aliyense m'holomo, ndipo zinali zoona.

Mayi Wiesmann anali atalonjeza Jörn kuti za kuchipatala sakazitchula pagulu. Anangokweza dzanja.

"Ine ndili ndi mwana. Utsiwu ukhoza kundiphera mwana."

Wapampando anavula magalasi.

"Lamulo limateteza ana kwambiri, mayi. Ali ndi zaka zingati?"

"Makumi anayi ndi zisanu."

Anthu anayesa kudzigwira, koma wina kumbuyo anatsamwa ndi keke, basi holo yonse inaphulika. Mayi Wiesmann anakhala pansi n'kumasalaza chikwama chawo pamiyendo.

Pomaliza anavota. Oletsa sanakwane, olola sanakwane. Chimene onse anagwirizana, poti munthu sungachoke pamsonkhano wopanda chogwirizana, n'chakuti benchiyo ichotsedwe. Popanda benchi, osuta adzakhala pati? Anaomba m'manja, n'kulongedza keke yotsala.

Adzakhala pati! Pakhoma lalifupi la sitolo ya buledi, pansi penipeni pa zenera, pomwe kale sankafikapo. Anayezanso, n'kupeza kuti napo m'pololedwa.

Amene anasowa pokhala ndi Jörn. Masiku angapo anaima pamene panali benchi, pakati pa mabowo anayi a zitsulo za benchiyo, miyendo yaitali ija ikusinthanasinthana. Mayi ake ali pazenera anamva Svenja akuitana, ndipo mtsikanayo analibe mtima woipa ngakhale pang'ono:

"Achimwene, mudzaima mpaka liti ngati msilikali? Bwerani, malo alipo. Iwe, sendera uko, akulu akhale."

Jörn anayang'ana kuzenera. Kenaka anapita kukakhala.

Mayi Wiesmann anayenda. Kukhonsolo anawauza kuti malowo ndi ololedwa. Kupolisi anawauza kuti munthu wamkulu amakhala pamene wafuna. Dokotala anati Jörn abwere yekha akafuna. Onse anawalandira bwino, wina anawaperekeza mpaka pakhomo.

Loweruka lina akusita, anaika simbi pa malaya a Jörn, nthunzi inakwera ndi fungo lija la chamba, ngakhale anali ochapa.

"Jörn, malaya awa akununkha chiyani?"

"Ndi utsi wa anzanga, amayi."

Anzanga. Mawu amenewo anali asanawamve m'kamwa mwake chichokereni kuchipatala, ndipo Jörn anawatchula nkhope ikuwala. Mayi aja anatembenuza malaya. Pachifuwa, pansi pa batani lachiwiri, panali timabowo tiwiri topserera m'mbali, tating'ono ngati maso a nsomba. Utsi wa mnzako suboola malaya.

Anafuna kufunsanso, koma Jörn anali atavala kale jekete, akutsika masitepe awiriawiri, akuimba mluzu. Mayi Wiesmann anazimitsa simbi, anatenga singano, n'kuyamba kufunafuna ulusi wofanana ndi malayawo.