Bokosi la Udindo wa a Palibe

Pa ofesi pathu aliyense amawatchula kuti a Palibe. Anabwera zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kudzakonza makompyuta kwa masabata awiri, ndipo masabatawo sanathebe.

Nthawi imeneyo makalata osamutsa antchito ankatuluka ndi mipata. Mlembi wina analandira yakuti wasamutsidwa kupita ku, kenako kadontho. Anamanga katundu n'kukhala pakhonde masiku atatu, kudikira kuti amuuze kumene kuli "ku".

A Palibe anatsegula sikiripiti, kapulogalamu kamene kamatola dzina, udindo ndi malo m'timabokosi take n'kulemba kalata. Anawonjezera mzere umodzi: kabokosi kakapezeka kopanda kanthu, kapena ngati sikanapangidwe n'komwe, kompyuta izinena kuti "palibe" n'kuima pomwepo. Abwana anawayamikira pamsonkhano, n'kulamula kuti mzerewo asaukhudze wina aliyense, kupatula mwini udindo wa zamakompyuta, atasaina fomu.

Chaka chatha akazi awo a Palibe, omwe ndi namwino, anawatumiza kuchipatala chakutali, ndipo anapita ndi ana. A Palibe anapempha kusamukira ku nthambi yathu ya kumeneko. Abwana anavomera. Kompyuta inati palibe.

Anakagogoda kwa mayi oona za antchito.

"Mayi, kodi m'bokosi langa la udindo mulibe kanthu?"

"Likanakhala lopanda kanthu, achimwene, bwenzi titalembamo. Lanulo kulibe. Udindo wanu sunakhazikitsidwe."

"Nanga zaka zonsezi ndakhala ndili ndani?"

"Munthu wodalirika," anatero mayiwo akupukuta magalasi. "Kodi m'kompyutamo simunasiyanitse bokosi lopanda kanthu ndi bokosi loti kulibe?"

"Ndinazimanga mtolo umodzi."

"Ndiye msampha munatchera nokha, tisanamizirepo boma."

Kuchotsa mzerewo ndi ntchito ya mphindi imodzi. Lachiwiri lina masana a Palibe anautsegula, chala chili kale pa batani, n'kukumbukira mlembi uja ali pakhonde ndi katundu wake. Anatseka, n'kukatenga fomu. Pamalo osainira mwini udindo wa zamakompyuta anaimapo kanthawi, cholembera chili m'mwamba. Fomuyo anaibweza kwa mayi aja kuti mwiniyo akapezeka adzasaine, ndipo ili m'kabati yachiwiri, yosamalidwa bwino.

M'mawa uliwonse amatsegula makina, makalata a anzawo n'kumatuluka opanda mpata ngakhale umodzi. Ena amabwera kudzawatsanzika.

Lachisanu akazi awo amaimba foni nthawi yopuma.

"Bambo a ana, kalata ija?"

A Palibe amayamba kukonza kukhosi.

"Basi, musavutike," amatero akazi awowo. "Dzina lanu ndimalidziwa."