Tsiku limene univesidade inabwera kumunda kwathu

Zaka ziwiri zoyamba ku univesidade ndinaphunzira zaulimi osagwira dothi. Tinkadzazana m'chipinda chimodzi, ena atakhala pamawindo, aphunzitsi akuwerenga mapepala akalekale, ife n'kumakopera. Matenda a mbewu tinkawaloweza m'Chipwitikizi, n'kukawalavula pa mayeso, pa ezame. Nditapita kutchuthi kwathu ku Lifidzi, atate anandionetsa tsamba la mbatatesi lopserera. Kuti n'chiwawu ndinkadziwa, mwana aliyense kwathu amachidziwa. Koma chochita nacho m'makope anga onse munalibe. Manyazi anandigwira.

Chaka chachitatu zinthu zinasintha. Anatiuza kuti palibe womaliza maphunziro asanagwire ntchito ndi alimi nyengo yathunthu. Aphunzitsi atsopano, mayi wamfupi woyenda ngati wachedwa, anafunsa amene kwawo kuli munda wa mbatatesi. Mkono wanga unakwera ndisanaganize n'komwe.

Tinanyamuka Loweruka kupita kwathu, shapa, minibasi ija, yodzaza thothotho, tikuimba ngati tikupita kuukwati. Atate tinawapeza atavala jekete lawo lakutchalitchi, ataima patali, chipewa kumanja. Aphunzitsi aja anawayandikira n'kuwaombera m'manja.

"Bambo, lero aphunzitsi ndinu. Tiuzeni, chiwawuchi chimayambira pati?"

M'Chinyanja! Ndinali ndisanawamvepo aphunzitsiwo akuyankhula chinenero chathu. Atate anayamba mwamantha, koma atafika kumunsi, kufupi ndi dambo, mawu anamasuka. Anati chimayambira pomwepo, nkhungu ikagona masiku atatu, ndipo mbewu imene anagula ku Domwe imapirira kuposa yakale. Anzanga ankalemba mothamanga, ena akukankhana kuti amve bwino.

Kenako aphunzitsi anatulutsa kagalasi kokulitsa zinthu, anatembenuza tsamba, n'kuwapatsa atate. Atate anayang'ana nthawi yaitali tiubweya toyera timene tinali kunsi kwa tsambalo.

"Ha! Ndiye n'chamoyo?" Anatembenukira kunyumba. "Amake mwana, tabwerani mudzamuone wakuba uja!"

Amayi anabwera akuthamanga, manja ali ufa okhaokha, ndipo tonse tinafa nacho chiseko.

Tsiku lomwelo tinagawa munda wobzala kachiwiri. Mbali ina mizere yotalikirana kuti mphepo izidutsa, mbali ina monga mwa masiku onse. Ndinkabwera sabata iliyonse kudzazula zodwala ndi kulemba zimene ndaona. Kumunsi kuja tinalephera ndithu, zonse zinapserera. Koma kumtunda, pokumba, atate ankangoti akatukula phando, n'kundiitana kuti ndidzaone kuchuluka kwa mbatatesi.

Nkhani inawanda. Lamulungu lina ndikutsazika, ndinapeza azimayi atatu oyandikana nafe akundidikira pamsewu, aliyense atakulunga masamba odwala a nyemba m'kansalu.

"Ukawaonetse aphunzitsi ako aja. Uwafunse kuti kwathu abwera liti."

Ndinakwera shapa yobwerera ku univesidade ku Ulongwe, timitolo tija nditatifungatira pamiyendo, ndikudzisekerera ndekha njira yonse.